Kabawuti Kamene Ndinamanga

Ine ndimadana ndi chinthu chodontha. Ndinabadwa choncho basi. Ndowa ikabooka pansi ndinkasungunula pulasitiki n'kumata tsiku lomwelo. Chubu cha njinga chikamalira kuti tsiii, ndinkasiya ngakhale chakudya chili m'manja. Ndinali wokonza njinga zakapalasa pamsika wakwathu ku Ulongwe, ndipo amake Chifundo, mkazi wanga, ankati manja angawa sadziwa kukhala phee. Ine ndinkabweza kuti pakamwa pake ndiye sipadziwa kukhala phee. Tinkaseka nazo zimenezo. Sindinkadziwa kuti tsiku lina ndidzamanga pakamwa pakepo ngati bawuti, n'kutsala pang'ono kupha banja langa ndili ku Durban.

Mkazi ameneyu anali wodandaula, abale inu. Tsiku limene ndinkanyamuka anandiperekeza pa siteji Chifundo ali kumsana, ndipo kuchokera pakhomo mpaka pawindo la basi ankangondandalika mavuto: denga la kukhitchini, mbuzi ya achimwene ake yomwe inkatidyera mbewu, jekete langa lomwe ankati likandichititsa manyazi kwa eni dziko. Basi itayamba kuyenda anaithamangira pang'ono akukuwa kuti sindinakonze chitseko cha chimbudzi. Anthu m'basimo anaseka mpaka pa Liwonde. Ine ndinaseka nawo.

Ku Durban anandilandira Che Yusufu, mnzanga wa ku Mangochi, yemwe ankagulitsa masokosi ndi zipewa ku KwaMashu. Anandipatsa ngodya ya chipinda chake, bulangete limodzi, ndi malamulo.

"Achimwene, kuno Chichewa timachivala ngati kabudula wamkati," anatero. "Chilipo, koma sachionetsa. Mukakwera taxi mawu anu ndi atatu: yebo, sharp, ngiyabonga, ndiye kuti ee, chabwino, zikomo. Foni ikalira musayankhe."

Sankachita nthabwala. Chaka chimenecho anthu obwera anali atathamangitsidwa m'malo ambiri, ndipo mitima inali idakali m'mwamba. Ndinaphunzira kuyenda maso ali pansi, makutu ali kumbuyo. Mpaka lero munthu akandiyandikira chakumbuyo ndimadzidzimuka.

Ntchito ndinaipeza ku Durban North, ya m'gadeni, kwa mzungu wokalamba yemwe tonse tinkangomutchula kuti Mdala. Ankakhala yekha, mkazi wake anali atamwalira. Maluwa sankawalabadira kwenikweni. Mtima wake unali m'galaja, momwe munali njinga zamoto zitatu zakale za ku Mangalande, ndipo yaikulu mwa izo, yakuda, ankaitcha Gogo. Pansi pa iliyonse pankakhala katoni, ndipo m'mawa uliwonse katoniyo inkapezeka ndi madontho akuda a oilo. Ine ndikadutsa ndi wilibala n'kuona madonthowo, zala zinkandiyabwa.

Tsiku lina anandipeza nditagwada pambali pa Gogo, ndikukanikiza tcheni ndi chala kuti ndione kulimba kwake. Ndinadumpha, ndikuti basi ntchito yatha. Iye anangondigwira dzanja, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana zipsera.

"Iwe Malawi," anatero m'Chingerezi chake cham'mphuno, poti dzina langa linamukanika, "manja awa si a maluwa. Loweruka ubwere m'galaja."

Loweruka limenelo ndinaona zomwe sindinaonepo: mzungu akuphika tcheni. Anamasula tcheni cha njinga ina, n'kuchitsuka m'palafini ndi kaburashi mpaka madzi akuda atatha, n'kuchipachika kuti chiume. Kenako anaika chitini cha girizi pa sitovu, girizi n'kusungunuka, iye n'kuviika tcheni chija m'menemo n'kumavundula ndi waya. Ine ndinafunsa ngati tithiremo tomato. Anaseka mpaka kutsokomola. Anati girizi wotentha amalowa m'kati mwa timfundo tonse momwe oilo wongothira pamwamba safika, ndipo ku Durban mphepo imachokera kunyanja yamchere, chitsulo chikangouma pang'ono dzimbiri lafika kale. Ndinauza Che Yusufu madzulo ake, iye n'kuti, "Eish, azungu! Ife tikusowa mafuta a m'ndiwo, iwo akukazinga zitsulo."

Zaka zimenezo ndinazikonda, sindinama. Ndinaphunzira kudula gasiketi papepala lolimba, kumvetsera injini, kudziwa oilo wotuluka pansi pa silinda ndi wotuluka ku giya. Tikatseka dontho lina, lina linkatulukira kwina. Mdala ankangopukusa mutu n'kuti Gogo chikhodzodzo chinafooka, tisamuchititse manyazi. Kamodzi anaima n'kuyang'ana banga lakuda lomwe linalowerera pasimenti, n'kuti, "Mkazi wanga anandikalipira chifukwa cha banga ili moyo wake wonse. Pano palibe wokalipa." Ine ndinati yebo, n'kupitiriza kufufuza sipanala yomwe ndinkafuna.

Amake Chifundo nawo ankadontha. Sabata iliyonse ankabipa, ine n'kuimba, iye n'kuyamba. Chifundo akutsokomola. Fetereza wachedwa. Bulangete lomwe munatumiza ndi adalaivala aja ndi lamtundu wonyansa. Amayi anu anandinena kumaliro. Mubwera liti? Funso lomalizali silinkasowa. Ine ndinkamvetsera nditaima kuseri kwa chipinda, dzanja litaphimba pakamwa kuti oyandikana nawo asamve chilankhulo, thupi lonse litatopa. Nthawi zina ndinkachotsa foni kukhutu n'kumangoti ee, ee.

Ndiye linafika tsiku la mu taxi. Ndinali ndikuweruka, titapanikizana kumpando wakumbuyo, foni n'kulira. Sikunali kubipa, kunali kuimba kwenikweni, ndipo mkazi wanga sankataya mayunitsi pachabe. Ndinaganiza za maliro. Ndinaiwala lamulo la Che Yusufu n'kuyankha. Foni yanga inali yaphokoso, ndipo mawu ake anadzaza taxi yonse.

"Abambo ake Chifundo! Inu mukudziwa kuti nkhuku ija yathothi yabedwa?"

Mu taxi munati zii. Mwamuna wina wa pampando wakutsogolo anatembenuka pang'onopang'ono. "Uvelaphi wena?" Ankafunsa kumene ndinachokera. Ine ndinati sharp, sharp, n'kudula foni. Anabwerezanso funsolo. Wina anatchula dzina lija amatitchula nalo anthu obwerafe, ena n'kuseka. Mayi wina wachikulire anawakalipira m'Chizulu, mwina ndi amene anandipulumutsa. Ndinatsikira patali ndi kwathu, n'kuyenda wapansi ndikucheuka.

Nditafika ndinamuimbira. Ine mkazi wanga ndinkamuti inu chikwatirireni, koma tsiku limenelo ndinamuti iwe.

"Iwe, ukufuna kundiphetsa chifukwa cha nkhuku? Ukudziwa mmene ndikukhalira kuno? Kuyambira lero usamandiuze mavuto ako. Ndili nawo anga ondikwana. Wamva?"

Iye anangoti, "Ndamva."

Ndipo anamvadi. Kuyambira pamenepo ndikaimba ankati, "Kuno zili bwino." Chifundo? Ali bwino. Mvula? Ikugwa bwino. Katundu wafika? Wafika, zikomo. Funso lija la mubwera liti linasowa. Foni yomwe kale inkatentha kukhutu inayamba kutha ndisanakhale n'komwe pansi. Ine chitsiru ndinauza Che Yusufu kuti mayi uja wakula tsopano, waphunzira. Che Yusufu anandiyang'ana, n'kupitiriza kupinda masokosi ake. Zinakhala choncho mvula zitatu.

Za kabawuti zinachitika Mdala atapita kukaona mwana wake wamkazi kunja. Anandisiyira makiyi a galaja kuti ndiziliza injini kamodzi pa sabata. Pamenepo n'kuti madontho ambiri a Gogo titawagonjetsa, koma panatsala limodzi lamakani, chakumbuyo, pafupi ndi tcheni. Ndinagona chagada pasimenti n'kulilondola. Ndinapeza kapaipi kakang'ono kochokera ku tanki ya oilo, kolozera pansi, kosalumikizidwa ku chilichonse, kukamwa kwake kuli dontho likulendewera. Ndinakatsatira mpaka pakhosi pa tanki, n'kupeza kabawuti kakang'ono kosamangitsa. Ndinaseka ndekha. Zaka zonsezi mzungu ndi mabuku ake onse osaona kabawuti kolekera! Ndinakamanga, n'kuonjezeranso pang'ono kuti kagwire. M'mawa mwake katoni inali youma ngati chikwama cha mphunzitsi pakati pa mwezi.

Mdala atabwera sindinamuuze. Ndinkafuna papite nthawi kuti ndidzamuonetse katoni yoyera ngati satifiketi. Maso ake anali atayamba kuchita mdima, makutu nawonso, ndipo zosintha makatoni anali atandisiyira ine. Lamlungu lililonse ankakwera Gogo n'kupita kukazungulira msewu wa m'mbali mwa nyanja ndi anzake okalamba. Ine ndinayamba kumva kakulira kachilendo akamatuluka pageti, kuti tswi tswi, koma ndinadziuza kuti ndi mabuleki.

Lolemba lina ndinapeza Gogo atatsamira khoma, galasi litasweka, tcheni chili mulu pansi ngati matumbo a mbuzi. Mdala anali atakhala pampando wake wa m'galaja, mkono uli m'bandeji, tsaya litanyuka. Tcheni chinaduka ali pakona, chinakola gudumu, iye n'kugwa. Mwayi ankayenda pang'onopang'ono.

Sanandipatse moni. Anatola tcheni chija n'kundipatsa. Chinali chouma gwa, timfundo tina titakana kupindika, ndipo m'manja mwanga munatsala fumbi lofiira.

"Kabawuti ka pa tanki," anatero. "Wamanga ndani?"

Ndikanatha kunama. Koma mbali ina ya mtima wanga inali ikudikirabe kuyamikiridwa, ndiye ndinathamanga n'kukatenga katoni ija. "Ndine, bwana. Taonani, sikudonthanso."

Anayang'ana katoniyo nthawi yaitali. Ndinkadikira kuti akuwe, koma analankhula motsitsa.

"Malawi, madontho ena ndi matenda, ndipo timawatseka. Koma lija analipanga dala anthu amene anapanga njingayi. Kapaipi kaja kamadonthezera tcheni, pang'onopang'ono, njira yonse. Limene umaliona pakatoni ndi lotsala chabe. Ukafuna pansi poyera, tcheni chimauma, ndipo sichikuuza. Umadzangomva chaduka."

Safunsa anadya phula. Ndinaima pamenepo ndi katoni yanga yoyera, manyazi atandigwira mpaka kumapazi. Sanandichotse ntchito. Anandilamula kuti ndimasule kabawuti kaja ndekha, iye akuyang'ana, ndikuzungulitsa pang'onopang'ono injini ikulira, mpaka dontho loyamba litatuluka n'kugwera pa tcheni chatsopano.

Sabata yomweyo kunabwera mlendo kwa Che Yusufu, msuweni wawo wochokera kumudzi, yemwe anadzera ku Ulongwe. Titapatsana moni anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Pepani ndi za nyumba zija, achimwene."

"Nyumba iti?"

Anayang'ana Che Yusufu, Che Yusufu n'kuyang'ana pansi. Kenako mlendoyo anati, "Yanu. Inagwa ndi madzi aja a mvula yapitayi. Akazi anu anatulukira pawindo ndi mwana. Mudzi wonse ukudziwa."

Mudzi wonse unkadziwa, mpaka wodutsa wa ku Mangochi ankadziwa, kupatula mwini nyumba. Ndinatuluka panja n'kuimba, osasamalanso kuti andimva ndani.

"Amake Chifundo, muli bwanji kumeneko?"

"Kuno zili bwino."

"Nanga nyumba?"

"Mwamva kwa ndani?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Munati ndisamakuuzeni."

Sanalankhule mokwiya, ndipo n'zimene zinandiopsa. Anayankha ngati munthu amene wafunsidwa mtengo wa mchere. Ndinafunsa kuti pali chinanso chomwe sindikudziwa. Anati, "Zilipo, koma zinadutsa." Kenako anati batire ikutha.

Kuyambira tsiku limenelo sindinakhazikikenso. Ndinkadula udzu womwe ndadula kale. Ndinkalowa m'galaja n'kuiwala chomwe ndalowera. Ndikaona dontho la Gogo pakatoni, ndinkakumbukira mawu aja akuti kuno zili bwino. Nthawi yomweyo mphepo yoipa ija yothamangitsa obwera inayambanso kuomba m'tauni, Che Yusufu anasiya kuyala malonda, ena anathawira m'matenti. Sindinganame kuti ndinabwerera chifukwa cha chikondi chokha, mantha analiponso. Koma ndikanatha kubisala kwa Mdala, anandiuza yekha kuti chipinda chakuseri chilipo. Ndinamuuza kuti kwathu ndinamangako kabawuti kena. Sanafunse zambiri. Anapita pashelefu n'kundipatsa kachitini kake ka oilo kamlomo wautali, n'kuti, "Pita, Malawi. Fulumira."

Ndinapeza nyumba yazipinda ziwiri pafupi ndi ya apongozi anga, yomangidwa ndi alamu anga. Njerwa yanga panalibe ngakhale imodzi. Chifundo, amene ndinamusiya kumsana, anali mtsikana wa yunifomu, ndipo anandipatsa moni wa mlendo maso ali kumbali. Amake anatuluka, anagwada patali, n'kuti, "Takulandirani. Mwayenda bwanji?" Anandipatsa madzi m'kapu yagalasi ya alendo. Jekete lomwe ndinavala linali lonyansa kuposa lija, ndipo sanalinene.

Tsiku lachitatu anandiitana atsibweni ake a mkazi wanga, omwe ndi ankhoswe athu. Sanazungulire. "Mkamwini, mwana wathu anabwera kuno kalekale. Anati mwamuna ali naye, koma wom'lankhula alibe. Tinamupempha kuti adikire mubwere. Wati tikakolola adzatiuza ngati mukhale kapena munyamule chikwama chanu." Chimanga chinali chitayamba kale kuuma m'minda.

Ndinayesa zonse. Ndinapepesa, iye n'kuti, "Palibe kanthu." Ndinagula nsalu, n'kuti, "Zikomo." Ndinakonza chitseko cha chimbudzi chomwe sichinali chowonongeka n'komwe. Ankandiphikira, ankandichapira, ankandiyankha mwaulemu ngati ndine abusa. Ulemu umenewo unkandidya kuposa matemberero. Ndinkapita kumsika, komwe ndinayamba kukonza njinga zamoto za akabaza, n'kumabwerera masana popanda chifukwa, kudzangoona ngati chikwama changa sichili panja.

Tsiku lina wakabaza anandisiyira chinjinga chakutha, chodontha oilo ngati dengu. Malo ochisunga kumsika analipo. Koma m'mawa mwake amake Chifundo anali atazira khonde, losalala bwino, lamizere yofiira m'mbali, ntchito yomwe ankainyadira chiyambire. Ndinakankha chinjingacho mpaka kunyumba, n'kuchikweza pakhonde pomwepo.

Kutacha panali banga lakuda ngati mbale. Ndinakhala pampando ndikunamizira kupukuta sipanala. Anatuluka ndi tsache, anaima, anayang'ana. Ndinadziuza kuti mwina tsopano andikalipira. Anabwerera m'nyumba, anatenga dothi ndi madzi, anagwada n'kuzira pabangapo osanena kanthu. Ndinatsala pang'ono kulira.

Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Anazira, n'kusamba m'manja, n'kundifunsa ngati ndimwe tiyi.

Tsiku lachitatu ndinatenga kachitini ka Mdala n'kuonjezera ndekha, Mulungu andikhululukire, mzere wautali kuchokera pakhomo mpaka pamasitepe. Ndili mkati mothira ndinamva kuti kumbuyo kwanga kuli munthu. Ndinatembenuka kachitini kali m'manja, kakudonthabe.

Anayang'ana kachitini. Anayang'ana khonde.

"Inu," anatero. "Inu muli ndi misala?"

Ndinabisa kachitini kumbuyo.

"Ndikufunsa! Mwapenga? Dothi limeneli mukudziwa kumene ndimakalikumba? Mukudziwa? Simungadziwe! Mudziwa bwanji, poti inu muli ndi mavuto anu okukwanani! Madzi analowa m'nyumba mpaka m'chiuno, ine ndi mwana pawindo, mbuzi zikuyandama, foni ili m'bra, ndipo ndinaigwira, ndinaigwira ine, n'kukumbukira kuti ndinauzidwa! Chifundo anagonekedwa ku Liwonde sabata yonse, malungo atamufika kumutu, akuitana bambo ake amene sakuwadziwa, ine ndikunena pafoni kuti kuno zili bwino! Iwe! Munanditi iwe! Chifukwa cha nkhuku! Mumaganiza kuti ndinkafuna nkhukuyo ine? Ndikanakuuzani chiyani china, kuti ndakusowani? Pafoni? Ine?"

Apongozi anasuzumira pakhomo pawo n'kubwereramo. Anthu opita kumjigo anachepetsa liwiro. Chifundo anaima pakona ya nyumba kukamwa kuli yasa, poti sanamvepo amake akukuwa chotero. Ine ndinakhala pansi pakhonde, pa oilo pomwepo, misozi ikutsika, ndipo sindinathe kuletsa kumwetulira.

"Mukuseka? Mukuseka chiyani? Ndi chijekete chanucho, chonyansa, mwayenda nacho mudzi wonse kundichititsa manyazi!"

Analankhula mpaka dzuwa linafika pamutu. Zina zinkandibaya kwambiri moti ndinafuna kutseka makutu, koma manja ndinawakhalira. Sanandikhululukire tsiku limenelo, ndipo zina sanandikhululukirebe mpaka pano. Mawu atamuthera anakhala pansi n'kupukuta nkhope ndi nsonga ya chitenje. Ine ndinaganiza kuti watha, ndiye ndinadzuka kuti ndikatenge dothi ndizire ndekha khondelo.

"Mukupita kuti?" anatero. "Khalani pomwepo. Sindinamalize."